Tiwakumbukire motani amalume athu amene anali dokotala wa maopaleshoni?

Mphwawo wa ku Mtunthama:
Abale anga, patha chaka chimwalirireni amalume athu, amene anachita maopaleshoni kuno ku Kasungu kwa zaka zambiri, ndipo banja likukonzekera mwambo wa chiliza. Ena akufuna chiliza chachikulu, koma mtima wanga sukulola, popeza iwowo anali munthu woti akatuluka m'chipinda cha opaleshoni usiku, m'mawa mwake ankapezeka kumunda ndi ana awo, ndiponso ankalipirira sukulu ana amasiye a m'mudzi mwathu. Mungatilangize zotani?

Mayi wa ku Santhe:
Pepani bambo ndi zovutazo. Mwana wanga woyamba anabadwa pa opaleshoni atapingasa, ndipo ndimakumbukira kuti adokotala anatuluka okha kukalimbitsa mtima amayi anga, amene anali atakhala pakhonde ndi mtolo wa nkhuni pambali. Ine ndikanakonda mutagula mabulangete ndi zidebe za odikirira odwala, chifukwa ambiri amagona pasimenti.

Mphunzitsi wopuma:
Malawi analibe sukulu yakeyake ya madokotala kufikira 1991, pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo mpaka lero maopaleshoni ambiri a m'zipatala za maboma, monga a amayi oyembekezera ndi a phudzi, amachitidwa ndi ma clinical officer, achipatala amene anaphunzira kuchiza odwala koma sanafike pa udokotala, pamene ovuta kwambiri amatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe. Choncho sonkhani ndalama muphunzitse mwana mmodzi zachipatala, chiliza chikhale chaching'ono.

Mphwawo wa ku Mtunthama:
Zikomo kwambiri, nkhaniyi ndikaitula kwa azakhali Loweruka.