Zija za tsabola wanga wopiringizika masamba

Abale, ndabweranso ndi nkhani ya tsabola wam'zitini pa windo kuno ku Mufakose, uja ndimafunsa kuti bwanji masamba anthete akupindika. Ambiri munati ndikuthirira mopyola, koma ayi ndithu, dothi linali bwinobwino. Nditatembenuza tsamba nkuzuma ndi kamera ya foni ndinapeza nsabwe zobiriwira zadzadza kunsi, tsamba likumata manja, nyerere nazo zikungokwera kutsata zotsekemera zomwe nsabwezo zimatulutsa. Ndapopera madzi a sopo wotsukira mbale, katiyisipuni mu lita, madzulo dzuwa litapepa, makamaka kunsi kwa masambako. Omera kumene akuwongoka, akalewo ndiye sabwereranso. Mtengo umodzi wokha wachikasu wopinimbira ndazula nkutaya, ukuoneka ngati vairasi, imene ija ilibe mankhwala.