Makosi aulere a Geography pa intaneti: tiyambire pati?

Wa ku Senga Bay: Abale, ndingapeze kuti makosi aafupi aulere okhudza nyengo, madzi ndi mapu? Ndili ndi foni yokha, bandulo nayo ndi yovuta.

Wa ku Chipoka: Achimwene, yambani ndi OpenLearn, webusaiti ya maphunziro aulere ya Open University ya ku Britain. Tsegulani akaunti ndi imelo musanawerenge chilichonse, chifukwa popanda akaunti simulandira kalata yosonyeza kuti mwamaliza. Makosi ambiri amatheka kuwatsitsa ngati PDF, ndiye tsitsani netiweki ikakhala bwino, muziwerenga osawononga bandulo. Musangosaka mawu oti Geography okha, yesaninso "water" kapena "climate", chifukwa zambiri zabisala m'magawo a sayansi ndi chitukuko. Kalatayo si dipuloma ayi, koma pa CV imathandiza.

Wa ku Linthipe: Za nthaka, ulimi ndi usodzi onani FAO elearning Academy, webusaiti ya maphunziro ya bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, nayonso ndi yaulere.

Wa ku Boma: Pa mapu foni ikukanikani. QGIS, pulogalamu yopangira mapu, ndi yaulere koma imafuna kompyuta. Poyeserera jambulani mapu a malo amene amasefukira m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe. Mu QGIS ikani UTM zone 36S, ndondomeko yoyezera malo m'mamita yoyenera dera lathu, apo ayi miyeso ina ya mtunda ikhoza kutuluka m'madigiri osati mamita.