MF 135: mikono ya hayidiroliki ikufooka oyilo akatentha, kodi ndi pampu?

Mlimi wa ku Ruwa

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Thirakitala ndi Massey Ferguson 135, ija ya injini ya Perkins ya masilinda atatu. M'mawa kukadali kozizira imakweza pulawo ya madisiki awiri, ngakhale mwaulesi. Ikalima kwa ola limodzi oyilo n'kutentha, mikono imakwera monjenjemera, nthawi zina kufika pakati n'kuima. Pulawo ikakhala m'mwamba imatsika pang'ono, kenako n'kudumphira m'mwamba yokha, kutsika, kudumphanso. Ndikazimitsa injini, pasanathe mphindi ziwiri pulawo ili pansi. Oyilo akufika pa mzere wake koma watuwa ngati tiyi wamkaka. Anzanga akuti ndingopita ku Graniteside ku Harare kukagula pampu yatsopano. Mvula ya November yayandikira ndipo ndalama ndi zochepa. Ndiyambire pati?

Makaniko wa ku Msasa

Achimwene, pampuyo musagule kaye. Pulawo ikamagwa injini itazima, ndiye kuti oyilo amene anakankhidwira mu silinda akuthawira penapake. Kudumphadumphako ndi thirakitala ikubwezeretsa oyilo wothawayo. Malo othawira ndi owerengeka: maring'i a pisitoni ya mu silinda yokwezera, ma O-ring (timphira tozungulira totseka oyilo) a standpipe (paipi yoimirira yotenga oyilo ku pampu kupita kumwamba ku silinda), relief valve (valavu yotulutsa oyilo mphamvu ikapitirira muyezo), control valve (valavu yolamula oyilo wokweza ndi kutsitsa mikono), ndi mavalavu a m'pampu momwemo. Malo awiri oyambawo sali pa pampu n'komwe, ndipo ambiri amamanga pampu yatsopano koma vuto n'kukhala pomwepo.

Ubwino wa 135 ndi wakuti mutha kuona ndi maso. Imikani thirakitala pamalo athyathyathya, pulawo ili yomangirira, oyilo ali wotentha. Kudzanja lamanja, pansi pa mpando, pali chivundikiro chozungulira chokhala ndi dipstick (choyezera oyilo) ndi kaliva ka response control (kotchera liwiro limene mikono imatsikira). Masulani kaye bawuti yapansi penipeni, ikani beseni, oyilo atuluke mpaka atasiya. Ndiyeno chotsani chivundikirocho mosamala, mukuona momwe tizitsulo takuseri kwake takhalira kuti mudzabwezere chimodzimodzi. Lizani injini, kwezani pulawo, walitsani tochi m'katimo.

Oyilo akamatsika kuchokera pamwamba, kukamwa kwa silinda, vuto ndi maring'i a pisitoni kapena silinda yokandika. Madontho apa ndi apo si nkhani, maring'i achitsulo amadontha ndithu, koma akamayenderera ngati chingwe ndiye atha. Akamatsetsereka m'mbali mwa paipi yoimirira ija, ndi ma O-ring a standpipe. Pamwamba pakakhala pouma koma oyilo wapansi akubwatamuka pafupi ndi pampu, yang'anani relief valve ndi control valve. Zimitsani injini pulawo ili m'mwamba, muyang'anenso: popanda phokoso ndi kugwedezeka, pothawira pamaoneka bwino kwambiri.

Chonde dzanja lisalowe m'menemo injini ikulira, muli shafiti yozungulira. Ndipo munthu asakhale pansi pa pulawo yokwezedwa ndi hayidiroliki yodontha.

Ikapezeka kuti ndi standpipe, mwapulumuka. Tsitsani pulawo pansi kuti mphamvu ya oyilo ithe, masulani mabawuti awiri a kachivundikiro kakang'ono kamene kali pamwamba, kutsogolo chakumanja pansi pa mpando, ndipo paipiyo imazuka. Sinthani O-ring wapamwamba ndi wapansi pamodzi ndi mawashala ake. Pobwezera onetsetsani ndi tochi kuti yalowadi pa bowo la pampu, chifukwa ikaphonya mikono siikweza ngakhale pang'ono.

Gogo wa ku Mufakose

Zimene anena amakanikowa n'zoona, koma ine ndikanayamba ndi oyilo wotuwayo, mwanawe. Mmenemo muli madzi. Pa 135 oyilo ndi mmodzi wa giyabokosi, hayidiroliki ndi ekiselo yakumbuyo, pafupifupi malita 30, ndiye madzi akalowa amafika ponseponse. Polowera pake ndi pa malabala a maliva a magiya akang'ambika, komanso pa labala la sipuling'i ya top link (mkono wapamwamba womangirira pulawo) kumbuyo kwa mpando. Thirakitala yogona panja dzinja lonse imamwa madzi ambiri pamenepo. Madzi akasakanikirana ndi zinyalala amapanga phala lomwe limatseka sefa ya pampu, pampu n'kumayamwa movutika. Kunjenjemera kwa mikono nthawi zambiri kumayambira apo.

Khuthulani oyilo ali wotentha, maliva onse a hayidiroliki ali pansi kuti wa mu silinda atulukenso. Mapulagi ndi awiri, ina pansi pa giyabokosi, ina kumbuyo kwake. Ambiri amatsegula imodzi yokha, madzi n'kutsala. Onani tizitsulo tomwe tamamatira pa mapulagi: fumbi lofewa si loopsa, koma tizidutswa tonyezimira ta chitsulo kapena ta mkuwa tikunena kuti m'kati muli chimene chikudyeka. Sefa mumaifikira pochotsa chivundikiro chakumanzere chokhala ndi liva ya PTO (shafiti yakumbuyo yozunguza zida), ngakhale mathirakitala ena apambuyo pake ali ndi kambale ka mabawuti atatu kumimba. Itsukeni ndi palafini, ndipo phala lapansi mulikokolole ndi dzanja, injini itazima. Musapukute ndi thonje kapena nsanza zothothoka ulusi, ulusiwo umakakamira mu control valve.

Pothira watsopano, gulani oyilo wa mathirakitala wolembedwa kuti STOU, kapena SAE 90 wamba wa GL-1 amene ankathiridwa kale. Musathire EP 90 wa GL-5 wa madifu a malole. Kumbukiraninso kuti 90 amalemera m'mawa wa June ndi July kuno ku Harare, mikono imachedwa mpaka atenthe, pomwe STOU ndi wopepuka ndipo amaonetsa msanga pamene padyeka. Malabala aja musinthe tsiku lomwelo, apo ayi mwataya ndalama ya oyilo.

Mlimi wa ku Ruwa

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga ndikatsuka sefa, ndikaona kuti pamwamba sipakudontha, koma kunjenjemera kukapitirira, ndingatsimikize bwanji kuti ndi pampu?

Makaniko wa ku Msasa

Pamenepo mpofunika geji yoyezera mphamvu ya oyilo, yofika 4,000 psi. Imangeni pa imodzi mwa mapulagi a m'mbali mwa chivundikiro chachikulu chapamwamba. Mwa maliva awiri a hayidiroliki, ya draft (yoyendera kulemera kwa pulawo m'nthaka) ikhale m'mwamba kotheratu, ya position (yoimika mikono pamene mwafuna) muikankhire pa constant pumping (popopa mosalekeza), injini pa liwiro lapakati, oyilo ali wotentha. Musaisiye pamenepo nthawi yaitali, masekondi ochepa akwana. Pampu yabwino imadutsa 2,000 psi mosavuta, ndipo nambala yeniyeni imene relief valve imatsegukira imasiyana malinga ndi mtundu wa pampu, choncho muione m'buku la thirakitala yanu. Muvi wa geji ukakwera msanga n'kuima pa nambala yotsika osagwedezeka, kayikirani relief valve, sipuling'i yake yafooka kapena yatsekeredwa ndi kachinyalala. Imamasulidwa payokha, si yodula. Muvi ukamavina kwambiri, ndiye kuti ina mwa mapisitoni anayi a pampu sikupopa, kawirikawiri chifukwa cha valavu yokakamira kapena kasipuling'i kothyoka. Zipinda za mavalavu zimagulitsidwa pazokha, komanso pali kiti yokonzera pampu yonse. Mphamvu ikakhala yabwino oyilo ali wozizira n'kugwa kwambiri akatentha, pamwamba pali pouma, apo ndiye pampu yadyekadi.

Dalaivala wa ku Norton

Ndiwonjezereko ziwiri zimene zimanamiziridwa pampu. Choyamba ndi kilachi. Pa 135 ya kilachi ya magawo awiri, pampu imayendetsedwa ndi gawo lachiwiri, lomwe limayendetsanso PTO. N'chifukwa chake mukaponda kilachi mpaka pansi mikono imaima. Gawo limenelo likamaterereka kapena pedulo ikakhala yosatcheredwa bwino, pampu imazungulira mofooka katundu akalemera. Lowetsani PTO, kwezani pulawo mukuyang'ana shafiti yakumbuyo muli patali: ikamachepa liwiro injini isanasinthe kulira, vuto lili ku kilachi.

Chachiwiri ndi maliva. Pogwiritsa ntchito position, liva ya draft izikhala m'mwamba. Gwiraninso pomangirira top link mukoke ndi kukankha. Pakakhala kugwedera, draft control imalandira uthenga wolakwika ndipo pulawo imakwera ndi kutsika yokha m'munda. Kugwederako kumachotsedwa potchera nati yaikulu ya sipuling'i ija.

Mukapeza kuti ndi maring'i, chivundikiro chapamwamba chiyenera kuchoka, ndipo ndi cholemera, mukhale awiri kapena mugwiritse ntchito tcheni. Chotsani mpando, zulani standpipe kaye, masulani kolumikizira control valve kudzera pa bowo lakumanja lija, kenako ndiye mabawuti ozungulira. Mukachinyamula musanamasule kolumikizirako, mupinda tizitsulo tam'kati, ndipo kutcheranso kwake n'kovuta kuposa ntchito imene munatsegulira. Silinda muiyendetse chala m'kati: mizere yoti chikhadabo chikukodwa ndiye kuti maring'i atsopano sathandiza, gulani silinda ndi pisitoni pamodzi. Muionenso ngati ilibe mng'alu, chifukwa kuthamanga pa msewu wamabampu pulawo ili m'mwamba kumaing'amba. Silinda ya kaunjika ya ku msika wa Magaba ku Mbare ingathandize, koma muiyese ndi chikhadabo chomwecho musanalipire, ndipo mutenge yakaleyo kuti mukafananitse kukula kwa bowo, poti masilinda a Massey Ferguson si onse ofanana. Gasiketi yapamwamba ikhale yatsopano.