A After Effects thandizeni, ndasintha chithunzi chimodzi koma chasintha malo atatu

Wofunsa:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ine ndinazolowera pulogalamu yokonzera mavidiyo ya Premiere nde ku After Effects kuno, yopangira zithunzi ndi mawu oyenda, ndikungopapasa, mundipirire. Ndili ndi kavidiyo koitanira anthu ku chinkhoswe, ndinapangira pa templeti ija ya zithunzi zoyenda, maluwa akugwa mayina akutulukira pang'onopang'ono, kasitomala anavomera Lachiwiri ndalama ina anapereka. Dzulo usiku mtsikana mwini chinkhoswe akulemba kuti azakhali ake akana chithunzi chomwe wavala thalauzi, ati kuchimuna akaona adzati chani, nde watumiza zinayi zatsopano za chitenje.

Ndinapita pa Project pomwe pamakhala mafayilo onse, right click, Replace Footage, File. Chalowa inde koma chasintha ma scene atatu pomwe ine ndimafuna wachiwiri yekha, kwinako kumangooneka nkhope thalauzi silioneka. Chalowanso chachikulu zedi, pa sikirini pakuoneka chibwano cha mwamuna ndi batani la malaya basi kkkk. Kuyesa kuzilowetsa pamodzi, zithunzi zonse zinayi zikuphethira ngati kavidiyo kosakwana ndi sekondi yomwe. Ndiye magetsi atazima ndinatenga hadi diraivi kukapitiliza pa laputopu ya mng'ono wanga, kutsegula kwangodzadza mizere yamitundumitundu ija inkabwera TV ikatseka kalekale. Ndiyambirenso kapena pali njira? Akufuna aponye pa status mawa.

Membala 1:
Osayambiranso achimwene palibe chafa apo. Replace Footage ija, yomwe ndi Ctrl+H, imasintha fayilo pa gwero penipeni, nde paliponse pomwe fayiloyo inagwiritsidwa ntchito pamasintha. Bwezeretsani chakale ndi Ctrl+H yomweyo, chatsopanocho muchilowetse pachokha ndi Ctrl+I. Kenako mu scene wachiwiri dinani layer ya chithunzicho (mzere wake pa timeline) isankhike kaye, gwirani Alt, mukoke chatsopano kuchoka ku Project nkuchiponya pa layer ija. Ma keyframe (omwe amayendetsa chithunzi), mask, effects zonse zimatsala momwe zinalili, chimangosintha nchithunzi.

Membala 2:
Azakhali ndi amene ali director apa kkkkk inu ndinu wogwira mausi chabe

Wofunsa:
Ndayesa za Alt zija bwana koma zasinthabe konse kutatu, kapena ndikulakwitsa pokoka?

Membala 1:
Mwaponya mkati mwa chani? Tumizani screenshot ya timeline.

Adimini:
Screenshot siyofunika, ndikudziwa chachitika. Matempleti ambiri amaika chithunzi mu ka comp kakekake (comp ndi ngati kavidiyo kokhala ndi timeline yakeyake), kamakhala ndi dzina ngati Placeholder 02 kapena Image 02, nde ma scene atatu aja onse akumwa pa chitsime chimodzi. Inu mwalowa mchitsimemo nkusintha madzi, mukudabwa chani onse akamwa zomwezo. Pitani ku Project, sankhani ka comp ako, Ctrl+D kakhale kawiri. Ndikuti ku Project, osati pa timeline, anthu ambiri amagwera pomwepa chifukwa Ctrl+D ya pa timeline imangobereka layer ina yoloza ku comp yomweyo ndipo mudzalira chimodzimodzi. Tsegulani kopeyo, ikani cha chitenje mmenemo, bwererani ku scene wachiwiri, sankhani layer, Alt nkukoka kope ija kuponyapo. Yoyambayo mubwezeretse cha thalauzi.

Za chibwanozo, ndikukhulupirira choyamba chinabwera pa WhatsApp wamba chitafinyidwa, chatsopano atumiza ngati document nde chabwera chathunthu. Foni ya 12 megapixel imatulutsa 4032 x 3024 pomwe comp yanu mwina ndi 1920 x 1080, scale ikadali pa 100, chikwana bwanji. Konzerani mkati mwa placeholder momwemo, Ctrl+Alt+Shift+H chikwane m'lifupi kapena Ctrl+Alt+Shift+G chikwane kutalika kwake, kenako muchisunthe mitu isadulidwe. Ctrl+Alt+F ithaweni pa zithunzi za anthu, imakakamiza chithunzi kudzadza comp yonse nde mtsikana atuluka wonenepa ngati m'galasi la pa msika, azakhali abweranso. Scale ya ku scene komwe kuli ma keyframe musaikhudze, muwononga kayendedwe.

Membala 3:
Kuphethirako ndi sequence asee. Mayina ake ndi otsatana eti, ngati IMG_2041, 2042, 2043? Pulogalamu imaganiza kuti ndi ma frame a vidiyo imodzi. Pa window yosankhira fayilo pali kabokosi pansipo kolembedwa JPEG Sequence, chotsani chizindikirocho musanadine Import. Ine chinandidyera tsiku lonse ndikupanga vidiyo ya kwaya yakwathu, mpaka ndinkati kompyuta yalowa virus.

Membala 4:
Mizere ija ikutanthauza kuti mafayilo sakupezeka, sikuti afufutika. Hadi diraivi yanu pa kompyuta yanu mwina inali E: pa laputopu yasanduka F: basi njira yasokonekera. Lembani missing pa search ya Project, dinani kawiri pa imodzi mwa zosowazo muilozere komwe ili, ngati simunasokoneze ma foda zinazo imazipeza yokha. Koma ngati zina munkatenga mu Downloads ya kompyuta inayo ndiye dikirani magetsi ayake, sizili pa hadi diraivipo. Ulendo wina musanasamuke File, Dependencies, Collect Files, imatolera zonse mu foda imodzi. Ma font okha satoledwa, amenewo mukopere nokha apo bii mayina a eni chinkhoswe atuluka m'zilembo zina.

Membala 2:
Nde nchifukwa ine zonsezi ndimapangira pa foni, CapCut dinani Replace basi mwamaliza

Adimini:
Pa kastatus ka birthday sitikana, koma pangani maluwa odutsa kuseri kwa mutu wa munthu ndi mayina a 3D pa foni tione ngati simuwotcha batire.

Wofunsa:
Zatheka akuluakulu!! Inalidi placeholder imodzi, ndapanga kope ku Project zayenda. Sequence nayo inali yomweyo. Zosowa zinali 23, nditalozera imodzi zabwera 21, ziwirizo ndi nyimbo ndi logo yanga zomwe zilidi mu Downloads kunyumba, Membala 4 mwalosera ngati munalipo. Ndikarenda magetsi akayaka. Koma ndifunseko china, kusintha kwa chonchi kasitomala atavomera kale mumalipiritsa kapena mumangopanga? Chifukwa pano walembanso kuti amalume ake akuti dzina la mudzi talemba molakwika, ndipo sanaonebe akuchimuna.

Membala 3:
Kawiri koyamba ulere, kachitatu alipire, koma muwauze lero lomwe akuchimuna asanaione. Za dzina la mudzizo onani kaye uthenga womwe anakutumizirani poyamba, ngati munakopera momwe analembera iwo eni ndiye imeneyo muiwerengere.