Amayi a ana ochedwa kukula akusiya kubwera: tisinthe chiyani?

Namwino wa ku sikelo ya ana: Anzanga pantchito, ndikupempha nzeru. Amayi a ana amene akuchedwa kukhala, kuyenda kapena kuyankhula amabwera ndi mtima wonse ulendo woyamba, koma tikangowaonetsa mafizo (kuongola ndi kulimbitsa ziwalo) ndi masewera oti azikachita kunyumba, ambiri sabweranso. Ena akuti ankayembekezera mankhwala, ena akuti mwana amalira kwambiri pa mafizo, ndipo mayi wina anandiuza kuti mawu akuti "muzisewera naye" anamupweteka, chifukwa anamva ngati tikunena kuti ankamutayirira mwanayo.

Wa mafizo: A sista, nkhani ya kulirayi tisaipeputse. Mwana wouma minofu akamakokedwa mokakamiza amaumitsa thupi koposa, ndipo palibe mayi angapitirize chinthu chimene chikuliza mwana wake tsiku ndi tsiku. Ine ndimayamba ndi kufunsa chimene chikumuvuta kwambiri mayiyo. Kawirikawiri satchula za kuyenda, koma za kudya: mwana amatsamwa, amakhosomola, ndipo kumudyetsa kumatenga nthawi yaitali. Tikamuonetsa kumukhazika chowongoka, mutu uli pakati, chibwano chitatsika pang'ono, osati chagada pamiyendo, kutsamwako nthawi zambiri kumachepa, ndipo mayi amadzionera yekha kuti kubwera kwake kuli ndi phindu. Zinazo timazilowetsa m'kusambitsa, kuveka ndi kanyamulidwe, kuti zisakhale ntchito yapadera.

Mlangizi wa zaumoyo: Ndikuvomereza, koma kunyumba mayi sagamula yekha. Bambo kapena apongozi akanena kuti "adzayenda nthawi yake ikakwana", ulendo wa kuchipatala umathera pomwepo. Mawuwo si olakwika kotheratu, pakuti ana amasiyanadi. Kafukufuku amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2006 anaonetsa kuti ana athanzi amayamba kukhala tsonga okha kuyambira pa miyezi pafupifupi 4 mpaka 9, ndipo amayenda okha pakati pa miyezi 8 ndi pafupifupi 18. Banja likapatsidwa malire omveka chonchi, kudikira kumakhala ndi polekezera. Kwa wobadwa masiku asanakwane, tizichotsera masabata amene anaperewera mpaka atakwanitsa zaka ziwiri.

Dokotala wa ana: Za mankhwala tisazikane msanga, chifukwa ena mwa anawa amadwala khunyu, ndipo kukomoka kukapanda kuletsedwa, mafizo sayenda bwino. Wochedwa kuyankhula ayezedwe makutu kaye. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mayi uja anamva ngati tikunena kuti ankamutayirira mwana. Ambiri sanauzidwepo chimene chinachitika, choncho amadziimba mlandu. Ngati mwana anabanika pobadwa, anadwala chikasu choopsa ali wakhanda, kapena anadwalapo matenda oumitsa khosi, tizinena momveka kuti n'kumene kungakhale gwero, ndipo tisalonjeze kuti adzachira kotheratu, chifukwa lonjezo likalephereka mayi sadzatikhulupiriranso.

Namwino wa ku sikelo ya ana: Zikomo nonse. Ndiyamba kufunsa vuto la mayi ndisanaonetse chilichonse, ndiziitananso bambo kapena agogo, ndipo ndizilemba m'kabuku ka mwana cholinga chimodzi chokha, monga kudzutsa mutu atagona chafufumimba, kuti ulendo wotsatira tidzaone limodzi pamene wafika. Achimwene a mafizo, mungadzabwere tsiku la sikelo kuti mudzationetse kakhazikidwe kodyetsera kaja?

Wa mafizo: Ndibwera, a sista. Muwauze amayiwo adzatenge supuni ndi kapu zimene amadyetsera kunyumba.