Kodi mphesa zopirira matenda zingatithandize kuno ku Salima?

Mlimi wa ku Khombedza:

Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa za ulimi wa mphesa. Mipesa yanga imaphuka bwino m'chilimwe, koma mvula ikangokhazikika mu Januwale masamba amachita mawanga achikasu, kunsi kwake kumamera nkhungu yoyera, kenako timaphava ta zipatso timauma tisanakhwime. Ndamva kuti kunja akatswiri apanga mitundu ya mphesa za vinyo imene matendawa saigwira. Kodi amaipanga bwanji, nanga ine ndingapeze mtundu wotere pofesa njere za mpesa umene wapulumuka?

Mlangizi wopuma pantchito, Salima:

Bambo, zimene mwafotokozazo ndi matenda otchedwa downy mildew, ndipo sanayambire kwa inu. Anachokera ku North America n'kufika ku France mu 1878. Mphesa za ku Ulaya, za mtundu wa Vitis vinifera umene umatulutsa vinyo wambiri padziko lapansi, zinali zisanakumanepo nawo, choncho zinalibe chitetezo chilichonse. Mu 1885 katswiri wina dzina lake Millardet analengeza mankhwala osakaniza mkuwa ndi laimu otchedwa Bordeaux mixture, ndipo mpaka lero alimi akupoperabe.

Mipesa yakutchire ya ku America yakhala ndi matendawa kuyambira kalekale ndipo imawapirira, koma vinyo wake sakoma. Ntchito ya akatswiri ndiyo kukwatitsa mitundu iwiriyi. Duwa la mpesa lisanatseguke, amachotsa kachipewa kake ndi timbali tonse tokhala ndi mungu pogwiritsa ntchito kopanira kakang'ono, amapakapo mungu wa mpesa wina, n'kuvindikira phava lonse ndi kathumba ka pepala kuti mungu wachilendo usalowe. Njere zotulukapo amazifesa zambirimbiri, ndipo mbande iliyonse imakhala ndi chibadwa chakechake. Yopirira matenda amaikwatitsanso ndi mphesa za ku Ulaya, mibadwo ingapo motsatizana, mpaka kukoma kwa vinyo kubwerere koma chitetezo chija chitsale. Popeza mbande imatha zaka pafupifupi zitatu isanabereke, ntchitoyi imadya moyo wa munthu. Mtundu wa Regent anaukwatitsa ku Geilweilerhof ku Germany mu 1967, koma alimi anauloledwa mu 1996.

Ndiye pa funso lanu lachiwiri, kufesa njere sindikukulimbikitsani. Mpesa umene wapulumuka chaka chimodzi mwina unangokhala pamalo opita mphepo, ndipo ngakhale utakhaladi wolimba, ana ake a njere sangafanane nawo. Mtundu wa mphesa umasungidwa podula nthambi kapena pomezanitsa.

Mayi wophunzitsa zaulimi, Nkhotakota:

Ndikugwirizana ndi a mlangizi, koma ndikufuna kuwongola mawu akuti matendawa saigwira, chifukwa angapweteketse mlimi. Palibe mpesa umene sugwidwa kotheratu. Mitundu yatsopanoyi imachepetsa kwambiri kupopera, koma akatswiri amene anaipanga amalangizabe kuti mlimi apopere kangapo pachaka, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ngati chitetezo cha mpesa chikudalira kachigawo kamodzi kokha ka chibadwa, nkhungu imasintha n'kupeza polowera. Zimenezi zinachitika ndi kachigawo kotchedwa Rpv3, kamene kali mu mtundu wa Bianca: ku Ulaya kunapezeka nkhungu imene inakagonjetsa.

N'chifukwa chake akatswiri tsopano amasanjikiza zitetezo ziwiri kapena zitatu mu mpesa umodzi, zochokera ku mipesa yosiyana, monga Muscadinia rotundifolia ya ku America ndi Vitis amurensis ya kum'mawa kwa Asia. Amayeza DNA, yomwe imasunga chibadwa, ya katsamba ka mbande idakali ku nazale, n'kutaya zonse zimene zilibe zitetezozo, m'malo modikira zaka kuti aone m'munda. Mwa njira imeneyi bungwe la kafukufuku wa zaulimi la ku France linatulutsa mitundu inayi mu 2018, yomwe ndi Artaban, Vidoc, Floreal ndi Voltis. Kwa ife nzeruyi si yachilendo, pakuti mtedza wa Nsinjiro umene umapirira kadukutu unabadwa mwa kukwatitsa ndi kusankha komweku.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mitundu yonseyi anaisankhira maiko ozizira, kumene mpesa umathothola masamba n'kugona nyengo yachisanu. Kuno kunyanja mpesa sugona mokwanira, ndipo kutentha ndi chinyezi zimabwera pamodzi kwa miyezi ingapo. Munthu asadzaze munda ndi mtundu umene sanauyese panthaka yathu.

Mlimi wa ku Khombedza:

Zikomo kwambiri nonse. Nanga pakali pano, pamene mitundu imeneyi sitinaione, ndichitenji ndi mipesa imene ndili nayo?

Mlangizi wopuma pantchito, Salima:

Bambo, sinthani nthawi yodulira. Mpesa wa kumalo otentha umaphuka ukadulidwa, choncho mlimi ndiye amasankha nyengo yobereka. Ku Dodoma ku Tanzania, kumene kuli kouma, amakolola kawiri pachaka, koma inu ndikukulangizani kamodzi kokha. Dulirani mvula ikatha, mu Epulo kapena Meyi, muzithirira pansi osanyowetsa masamba, ndipo pakatha miyezi inayi kapena isanu mudzakolola mvula isanabwere. Downy mildew safalikira popanda madzi patsamba. M'chilimwe mudzakumana ndi mnzake wotchedwa powdery mildew, wooneka ngati phulusa pamwamba pa tsamba, yemwe safuna mvula, koma ameneyo amagonja ndi mankhwala a salifa, malinga musapopere dzuwa likuswa mtengo chifukwa masamba amapsa.

M'dzinja musayembekezere zipatso. Ingotetezani masamba ndi mankhwala a mkuwa, muchepetse nthambi kuti mphepo izidutsa, ndipo masamba odwala ogwa pansi muwatole n'kuwatentha. Mukadzafuna kuitanitsa nthambi za mtundu watsopano kuchokera kunja, yambani mwapempha chilolezo ku Unduna wa Zaulimi, chifukwa matenda tikukambawa anawoloka nyanja atabisala m'mipesa yonyamulidwa ndi anthu.