Dzimbiri lachoka koma madzi a mu pool achita mbuu, ndithiremo chiyani?

Aphiri a ku Randburg:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pool ndi ya malita 50,000, ya marbelite (pulasitala wa m'kati mwa pool), fyuluta ya mchenga, ndipo madzi owonjezera amachokera ku borehole. Pa masitepe ndi pansi kokuya kuja panali mawanga a dzimbiri. Tinatsitsa klorini kufika pa 0, pH (muyeso wa asidi m'madzi) pa 7.2, n'kuthira magalamu 600 a ascorbic acid (vitamini C), kenako botolo la metal remover (mankhwala ogwira chitsulo m'madzi). Mawanga anatheratu tsiku lomwelo. Koma pano madzi ayera ngati otsukira mpunga, pansi sipakuoneka. Ndikathira klorini, pakangotha ola limodzi wabwerera pa 0. Lero pH ili pa 7.0, alkalinity 80, calcium 380, stabiliser (woteteza klorini ku dzuwa) 40. Abwana ali ndi alendo Loweruka. Ndipange shock (kuthira klorini wambiri nthawi imodzi) kapena ndithire floc (mankhwala odikhitsa zinyalala pansi)?

Bambo a Tadala:
Thirani klorini wa ufa wa HTH makapu atatu madzulo, mawa kuyera.

Madala Gondwe:
Ayi Bambo a Tadala, pamenepo mupweteketsa mnzathu. Achimwene Phiri, shock iyayi, kwa masabata awiri athunthu. Chitsulo chija sichinachoke mu pool. Ascorbic acid anangochisungunula, ndiye pano chikuyenda m'madzimo chitagwiridwa ndi metal remover. Mukakweza klorini mwadzidzidzi, makamaka pH ikakwera limodzi, chitsulocho chimasandukanso dzimbiri n'kukakhala pa marbelite pompaja, mwina madzi onse n'kusanduka akhofi. Komanso klorini wa ufa uja ndi calcium hypochlorite, amawonjezera calcium, pomwe yanu ili kale pa 380. Ndiye kuti mbuu uja angowonjezeka.

Klorini akuthayo asakudabwitseni, akudyedwa ndi ascorbic acid wotsala. Magalamu awiri ndi theka a asidiyu amapha galamu imodzi ya klorini, choncho magalamu 600 angathe kumeza malita awiri a klorini wamadzi wa 12% musanaone kalikonse pa test kit. Mu pool ngati yanuyo, mamililita 400 amakweza klorini ndi 1 ppm (galamu imodzi pa malita 1,000 a madzi). Thirani mlingo umenewo pafupi ndi pomwe madzi amatulukira pampu ikuyenda, dikirani ola limodzi, yezani, thiraninso. Muzibwereza choncho mpaka klorini atayamba kukhazikika pakati pa 1 ndi 2 ppm. Mawa lake mukhoza kufika pa 3, osapitirira. Mukaona kachikasu kayamba kubwerera pa masitepe, imani kaye, tsitsani pH kufika pa 7.2 ngati yakwera, ndipo wonjezerani metal remover pang'ono.

pH ya 7.0 isiyeni momwemo, idzakwera yokha. Soda ash (ufa wokweza pH) musamuyandikire, ameneyo ndiye amachititsa mbuu madzi a calcium yambiri nthawi yomweyo.

Mayi Nambewe:
Funso limene simunayankhe, Aphiri: algaecide (mankhwala opha ndere) munathira musanatsitse klorini? Chifukwa mbuu wa pambuyo pa mankhwala a dzimbiri amakhala wa mitundu iwiri. Wina ndi ndere zimene zikungoyamba kumene, popeza pool yakhala yopanda klorini kukutentha. Zimayamba zoyera, kubiriwira kumabwera mochedwa. Wina ndi fumbi la calcium imene yakumana ndi metal remover wochuluka, makamaka wa HEDP.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Pitsani dzanja pa khoma, ngati pakuterera ndi ndere. Ndipo klorini akayamba kukhazikika, yezani dzuwa litalowa, muyezenso m'mamawa lisanatuluke. Akatsika koposa 1 ppm usiku, muli chinachake chimene chikumudya. Akapanda kutsika, ndi fumbi chabe, ntchito yatsala ndi ya fyuluta.

Aphiri a ku Randburg:
Algaecide sitinathire, mayi. Khoma likuterera pang'ono mbali ya mthunzi.

Mayi Nambewe:
Ndiye gulani wa polyquat 60, muthire monga alembera pa botolo. Muwerengetsetse kuti mulibe copper, chifukwa wa copper akubweretserani mawanga ena obiriwira kapena akuda, ndipo amenewo ascorbic acid sawatha bwino. Kwechani khoma lonse ndi bulashi tsiku lililonse. Polyquat amathandizanso kusonkhanitsa tizidutswa, choncho musathirenso clarifier (mankhwala ena osonkhanitsa tizidutswa) wambiri pamwamba pake. Clarifier akachuluka amachita zosiyana, madzi amaipiraipira.

Achimwene a ku Edenvale:
Ine ndikambe za fyuluta. Timer ichotseni, pampu iziyenda usana ndi usiku, ndipo muonetsetse kuti valve ya fyuluta munaibwezera pa Filter. Ambiri amaiwala pa Bypass (madzi amalambalala fyuluta) pomwe anaisiya pothira asidi, n'kumadabwa kuti madzi sakusintha.

Mchenga umagwira tizidutswa ta ma micron 20 kupita m'mwamba (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), fumbi la calcium ndi laling'ono kuposa pamenepo. Pangani backwash ndi rinse (kutsuka mchenga wa mu fyuluta), lembani nambala ya pa gauge fyuluta ili yoyera. Kenako sungunulani theka la kapu ya ufa wa DE (ufa wothandiza fyuluta kugwira fumbi laling'ono) mu ndowa ya madzi, muthire pang'onopang'ono mu weir (bowo la m'mbali mwa pool lokokera madzi ku pampu). Dikirani mphindi zingapo, wonjezerani mpaka muvi utakwera ndi 7 kPa yokha basi. Tsekani mphuno ndi pakamwa potunga ufawo, si wopuma. Ukakhala mkati fyuluta imadzaza msanga, ndiye musachoke n'kuisiya tsiku lonse. Gauge ikakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, backwash, n'kuthiranso DE watsopano.

Floc amagwira, inde, koma akhale womalizira. Amafuna valve pa Bypass kwa maola awiri, pampu izime usiku wonse, Kreepy Krauly (makina oyamwa zinyalala pansi) atuluke kuti asavundule zomwe zadikha, kenako vacuum ya pamanja valve ili pa Waste (potayira madzi kunja). Floc akalowa mu mchenga amaumata. Ndipo vacuum ya pa Waste imataya madzi ambiri. Mukawabwezeretsa ndi a borehole, mwalowetsanso chitsulo chimene mwangolimbana nachocho.

Madala Gondwe:
Mfundo ya borehole ndi yaikulu. Pakadali pano wonjezerani ndi madzi a pa mpope wa kanselo okha. Metal remover amatha mphamvu pang'onopang'ono chifukwa klorini amamudya, ndiye amafunika kamlingo kakang'ono sabata iliyonse, apo ayi mawanga abwerera.

Za Loweruka, auzeni abwana lero lomwe kuti zikhoza osatheka. Pool imene pansi sipakuoneka komanso klorini ali pa 0 sasambamo munthu, makamaka ana.

Aphiri a ku Randburg:
Ndapeza valve inalidi pa Bypass. Ndaibweza, ndathira polyquat, klorini wafika pa 1 ppm ndipo wakhala maola atatu osatsika. Pool acid (asidi wotsitsa pH) ndithire liti pH ikakwera?

Madala Gondwe:
Ikadutsa 7.4. Thirani mamililita 200 mu ndowa yodzaza kale madzi, muwaze kokuya pampu ikuyenda, muyeze pakatha maola awiri. Asidi ndi klorini asakumane mu ndowa imodzi, ndipo pazidutsa ola limodzi pakati pa kuthira ziwirizi.